Mboni Yolongolola

Ndakhala ndikumeta anthu kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo m'zaka zonsezi palibe mutu umene unachoka m'manja mwanga usanamve nkhani. N'chifukwa chake anthu amanditchula kuti Wailesi. Dzinali ndinkalinyadira. Ndinafika polilemba ndi penti yofiira pamwamba pa chitseko, osadziwa kuti anthu akungonditukwana mwaulemu.

Bambo anga ankafuna kuti ndidzakhale loya. Ankati mwana wolankhula chonchi sangafe ndi njala. Koma mayeso ndinalephera kawiri, osati chifukwa chosowa cholemba, ayi. Ndinkalemba mpaka kupempha mapepala ena. Vuto linali lakuti ndinkayankha mafunso amene sanafunsidwe. Bambo atatopa nane anandigulira sizasi ndi chipeso, n'kunena kuti, "Pita uzikalankhula ndi anthu amene sangathawe."

Malo anga ndi kachipinda kamodzi, pakati pa wokonza mafoni ndi wosoka nsapato. Muli mpando umene ndinagula kwa munthu wina wozula mano atapuma ntchito, galasi lalikulu long'aluka pakona, makina ometera awiri, botolo la sipiliti ndi benchi ya odikira. Pakhoma pali wotchi imene inaima kalekale, ndipo pashelufu pali wailesi yeniyeni, yoyendera magetsi, imene imalankhula ndikatopa ine.

Kuseri kwa mashopu athu kunali a Magalasi, owotcherera zitsulo. Dzinalo linabwera chifukwa cha magalasi akuda amene sankachoka pachipumi pawo ngakhale akudya. Ankapanga zitseko, mabedi ndi zitsulo zam'mawindo. Anali munthu wa mawu owerengeka. Pakatha milungu iwiri ankabwera Loweruka masana, kukhala pampando, n'kuti, "Monga mwa nthawi zonse." Basi. Zotsalazo ndinkalankhula ndine, iwo atatsinzina. Ndinkawayesa mnzanga wapamtima. Panopa ndimaganiza kuti ankangobwera chifukwa ndinali wometa wapafupi.

Loweruka lina anabwera monga mwa chizolowezi. Ndinali nditameta mbali imodzi ya mutu pamene magetsi anazima. Munthu wamkulu sangayende mumsewu mutu uli theka, choncho anakhala pampando kudikira. Anakhala maola awiri ndi mphindi zingapo, ine ndikuwafotokozera momwe ndikanayendetsera dziko akanandipatsa. Magetsi atayaka ndinamaliza, iwo n'kupita.

Masana omwewo, kutsidya kwa tauni, mbala zinalowa m'sitolo yaikulu ya zipangizo zomangira imene inali itatseka kale. Zinadula chitseko chakumbuyo ndi moto wa gasi, ndipo mlonda atazipeza zinamumenya ndi chitsulo kumaso mpaka diso limodzi kuwonongeka. Chitsekocho anachipanga ndi a Magalasi. Botolo la gasi limene mbalazo zinasiya linali lawo. Linabedwa mwezi wam'mbuyo, koma iwo, posakonda zolankhulalankhula, sanakanene kupolisi. Mlonda uja ali m'chipatala anati anaona munthu wovala magalasi akuda. Lolemba m'mawa apolisi anadzawatenga akuwotcherera bedi.

Mlandu wonsewo unali m'manja mwanga. Loya wawo, mayi wamng'ono thupi wofatsa polankhula, anabwera kushopu kudzandikonzekeretsa.

"Bambo, mukanene zitatu zokha," anatero. "Anabwera nthawi yakuti. Magetsi anazima. Anachoka nthawi yakuti. Akakufunsani zina zimene simukukumbukira, mukati sindikukumbukira."

"Mayi, musade nkhawa," ndinatero. "Kulankhula ndiye ntchito yanga."

Anandiyang'ana kwa kanthawi, n'kuusa moyo. Ndinkayesa kuti wagoma nane.

Tsiku la mlandu ndinavala jekete la mlamu wanga, manja ake ofika m'zala. Atandiimika m'kabokosi ka mboni ndinaona anthu odzaza khothi, onse chete, onse akuyang'ana ine. Moyo wanga wonse ndinali ndisanapezepo anthu ochuluka chonchi ofuna kundimvetsera. Zitatu zija ndinazinena bwinobwino, koma zinamveka zouma, ngati ndiwo zopanda mchere. Ndiye ndinayamba kuthira. Ndinati ndinayang'ana wotchi yapakhoma a Magalasi akulowa, ndipo inali 12 koloko ndendende. Ndinati tinkamvera mpira pawailesi, ndipo chigoli chitalowa a Magalasi anadumpha pampando. Ndinawonjezera kamvula kowaza. Anthu anaseka pamene ndinkafuna kuti aseke. Loya wathu anagwira kumutu.

Kenako anaimirira loya wa boma, munthu wometa bwino kwambiri.

"Bambo, nkhope yangayi mukuikumbukira?"

Ndinaiyang'anitsitsa. Nkhope sindinaikumbukire, koma ndinazindikira kametedweko. Kanali kanga.

"Munandimeta Lachiwiri lapitali," anatero. "Munandiuza nokha kuti wotchi yanu inafa zaka zitatu zapitazo, ndipo mumangoisiya kuti ibise bowo pakhoma. Ndikunama?"

"Ayi, bwana."

"Wailesi yanu imayendera chiyani?"

"Magetsi."

"Ndiye mpira munkaumvera bwanji magetsi atazima?"

Kwa nthawi yoyamba chibadwire, pakamwa panga panauma gwa. Iye anapitiriza modekha kuti tsiku limenelo kunalibe mpira, ndipo mvula inali isanagwe kwa miyezi iwiri. Woweruza polemba chigamulo anati mboni ya woimbidwa mlandu ndi munthu wosangalatsa, koma khothi silingapachike chipewa pa mawu ake, nanjinanji ufulu wa munthu. A Magalasi anawapatsa zaka khumi ndi zinayi. Akutuluka nawo sanandiyang'ane n'komwe.

Apilo inakanika. Akazi awo, amene ndinkawatchula kuti alamu, anayamba kudutsa tsidya lina la msewu akamayandikira shopu yanga. Kunyumba mayi a ana anga sanandikalipire. Anangonena kamodzi, akusita malaya, kuti, "Chilungamo munali nacho m'manja, bambo, koma munaona kuti n'chosavala, ndiye munachiveka suti." Ndikanakonda akanandimenya ndi simbiyo.

Zaka zitatu zinadutsa. Ndinkameta, ndinkalankhula, koma nkhani imeneyi yokha sindinkaikhudza. Tsiku lina pampando panakhala mkulu wina amene anapuma ntchito yolondera akaidi. Iyeyu ndi amene anandiuza kuti makhothi akatseka zitseko pamatsala kawindo kamodzi. Mtsogoleri wa dziko amatha kukhululukira mkaidi, ngati komiti yoona za chikhululukiro yamuikira kumbuyo. Munthu aliyense akhoza kulemba kalata yopempha.

"Aliyense?" ndinafunsa.

"Ngakhale inuyo," anatero.

Ndinagula kope latsopano. Kalata yanga inatenga milungu itatu ndipo inakwana masamba khumi ndi asanu ndi anayi. Inayambira pa ubwana wanga. A Magalasi analowa pa tsamba lachisanu ndi chimodzi. Ndinaganizanso zotolera masiginecha, ndipo apa ndiyenera kudziyamikira: palibe anakana. Ndinkadikira kuti lezala lifike pakhosi pa munthu, ndiye n'kufunsa mwaulemu ngati angakonde kusaina. Anasaina anthu oposa mazana anayi. Ena anasaina kawiri.

Ofesi ya komitiyo inali m'nyumba yakale ya boma, m'chipinda chakumapeto kwa khonde lalitali lonunkha polishi. Munali kawindo ka magalasi, ndipo kuseri kwake kunkakhala mayi wina wa imvi, cholembera chili kukhutu. Anatenga mtolo wanga, kuuyeza m'manja ngati akugula nyama, n'kuukutumula. Tsitsi la anthu mazana anayi linagwera padesiki pake.

"Bambo, ichi n'chiyani?"

"Ndi pempho, mayi."

"Komiti imawerenga tsamba limodzi. Wandende ndani, nambala yake, mlandu wake, wakhala zaka zingati, mukupempha chiyani. Inuyo ndinu ndani kwa iye?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe, iwo anakweza chala.

"Mawu amodzi."

"Womumangitsa," ndinatero.

Anandiyang'ana pamwamba pa mandala awo. Kenako anatulutsa fomu, kuika chizindikiro pamalo oyenera kulemba, n'kundiuza kuti ndibwere Lachinayi.

Ndinapita Lachinayi limenelo ndi Lachinayi lina lililonse kwa miyezi isanu ndi itatu. Fayilo inkayenda kuposa ine. Lero ili kwa akuluakulu a ndende, mawa ikudikira chidindo, mkuja amene ali ndi kiyi wa kabati wapita kumsonkhano. Benchi ya pakhondepo inandizolowera. Poona kuti nthawi ikungotayika, ndinayamba kunyamula sizasi m'thumba, ndipo pofika mwezi wachitatu mlonda wa pageti ndi mesenjala anali anthu ooneka bwino kwambiri m'nyumba yonseyo. Fayilo sinafulumire ngakhale pang'ono.

Kenako Mayi a Pawindo aja anandiuza kuti pakusowa chinthu chimodzi. Mkaidi mwiniwake ayenera kusaina, ndipo pafomupo pali funso lakuti kodi akumva chisoni ndi zimene anachita.

Ndinali ndisanawaone a Magalasi chimangidwire. Kawiri konse ndinapita kundende, iwo n'kukana kutuluka. Ulendo uno ndinapita kaye kwa alamu. Ndinawapeza akuchapa kuseri kwa nyumba. Ndinaima chapatali, chipewa chili m'manja, n'kuwaonetsa fomu. Anaiwerenga manja ali thovu lokhalokha.

"Mukufuna muwawonjezere zaka zingati ulendo uno?" anafunsa.

Ndinangowerama, n'kufinya chipewa changa. Mwina n'chifukwa chake anavomera kupita nane.

Chipinda chochezera akaidi chinali chachitali, chogawidwa pakati ndi waya, ndipo aliyense ankakuwa kuti amveke. A Magalasi anatuluka ataonda, mutu uli mbee, maso akuphethiraphethira. Analankhula ndi akazi awo za ana ndi za denga lodontha. Kenako anatembenukira kwa ine, osapereka moni. Ndinawafotokozera za komiti, za masiginecha, za benchi. Ndinafika pa funso lija.

"Achimwene, apa mungolemba kuti mwalapa. Ndi mawu chabe. Onse amatero. Mukatuluka tidzakonza zinazo."

Anaiyang'ana fomuyo kudzera pawaya.

"A Wailesi," anatero, "bodza lanu ndi limene linandilowetsa muno. Tsopano mukufuna langa linditulutse? Ine sindinamenye munthu. Ndilembe kuti ndikumva chisoni ndi chiyani? Chisoni chimene ndili nacho n'chakuti tsiku lija sindinangopita kunyumba ndi mutu watheka."

Chiwadziwireni, anali asanalankhulepo mawu ochuluka chonchi. Anatenga fomu kudzera kwa woyang'anira, ndipo pa funsolo analemba kuti: Sindinachite. Anasaina.

Ndinabwerera kunyumba nditakwiya. Ndinawauza mayi a ana kuti munthu uja ndi wamakani, akuwononga ntchito yanga yonse. Iwo ankasenda mbatata, osadzutsa mutu.

"Ntchito yanu," anatero. "Chabwino. Koma ndifunse nawo ine wosaphunzira. Pa zonse munanena m'khothi zija, choona chinali chiti?"

"Magetsi anazimadi."

"Nanga a magetsiwo akazimitsa salemba penapake?"

Zaka zinayi ndikuganiza za mlanduwu, nzeru imeneyi inali isanandidutsepo m'mutu. Ndinawauza kuti inenso ndinali pafupi kuiganiza. Anati akudziwa.

Ku ofesi ya magetsi anandiyendetsa milungu isanu, koma pamapeto pake mkulu wina wosunga mabuku akale anapeza tsambalo. Loweruka lija, mzere wa mashopu athu unazima kuyambira 12:10 mpaka 2:25 masana. Pepalalo silinkanena kuti a Magalasi anali pampando wanga. Linkangosonyeza kuti pakati pa mabodza anga panali choona chimodzi. Ndinalinyamula pamtima ngati satifiketi ya sukulu imene ndinalephera kupeza.

Alamu ndi amene anati tikaonenso mlonda wovulala uja. Tinamupeza kunyumba kwa mwana wake, atakhala pakhonde, akuluka mpando wa nsungwi, diso limodzi lili lotsekeka. Tisanalowe pageti alamu anandigwira mkono.

"Alamu, muno mukalankhula, ndikusiyani konkuno."

Analankhula okha. Sanapemphe chilichonse poyamba. Anamufunsa za diso, za mutu ngati umapwetekabe, za ntchito imene inatha. Mkuluyo anayankha pang'onopang'ono. Kenako anafunsa yekha kuti amuna awo ali bwanji.

"Ine nkhope sindinaione, mayi," anatero. "Ndinaona magalasi. Apolisi atabwera ndi munthu n'kundiuza kuti botolo ndi lake, chitseko ndi chake, ndinati ndiye kuti ndi yemweyo. Ndinali ndi ululu, ndinkafuna wina alipire. Zaka zonsezi ndimadzifunsa."

Ndinali ndi mawu okwana ola lathunthu okhudza kukhululuka, ndipo anafika pakhosi. Alamu anandiponda chala. Mkuluyo anaitana mwana wake kuti alembe zimene wanenazo, iye n'kudinda chala pansi pake.

Patapita miyezi ina inayi, Mayi a Pawindo anandiuza kuti komiti ikufuna kundiona, ndipo andipatsa mphindi zisanu. Ndinalonjeza aliyense kuti ndikanena zochepa. Koma kuti zochepazo zikamveke bwino, ndinayeserera pagalasi masiku atatu, mokweza, ndikusintha mawu, ndikuloza denga. Wosoka nsapato anagogoda khoma kangapo. M'mawa wa tsikulo ndinadzuka mawu atatheratu. Ndinamwa madzi otentha a mandimu, ndinatafuna chilichonse chimene anthu anandiuza, koma pakhosi pankangotuluka mphepo.

M'chipindamo munali tebulo lalitali ndi anthu asanu. Wapampando anali mayi wachikulire amene ankalemba osayang'ana pepala.

"Munthuyu anali pampando wanu magetsi atazima?"

Ndinagwedeza mutu.

"Nthawi yonseyo?"

Ndinagwedezanso.

"Za wotchi, mpira ndi mvula zinali zabodza?"

"Eee," ndinanong'ona.

"Munanamiranji?"

Apa ndinali ndi ndime ziwiri zokonzeka, zokhudza mantha a munthu wamba pamaso pa lamulo. Ndinayesa kuzikankha, sizinatuluke. Chimene chinakwanitsa kudutsa pakhosi chinali chachifupi.

"Anthu ankandimvetsera."

Mmodzi wa iwo anatsokomola kubisa kuseka. Wapampando analemba kanthu, n'kunena kuti, "Zikomo bambo. Mboni zonse zikanamayankha mwachidule ngati inu, bwenzi ntchito yathu ikupepuka." Ndinatuluka mphindi zitatu zisanakwane.

Chaka chimenecho mndandanda wa okhululukidwa unatuluka m'nyuzi, dzina la a Magalasi panalibe. Ndinauwerenga kanayi, mpaka kuyang'ana kuseri kwa nyuzi. Mayi a Pawindo anati fayilo siinakanidwe, koma siinavomerezedwenso; mawu aja akuti "Sindinachite" anagawanitsa komiti. Ndinabwerera pabenchi panga. Chaka chotsatira dzina linatuluka, lili pakati pa mayina a okalamba ndi odwala oposa zana.

Ndinathamangira kuwindo kukafunsa ngati chinawatulutsa ndi pepala la magetsi, kalata ya mlonda, kapena umboni wanga.

"Sindikudziwa, bambo," anatero mayiwo. "Mwina zonsezo. Mwina ndende zadzaza."

Makasitomala anga ndimawauza kuti ndi umboni wanga. Pano ndalemba zimene mayiwo ananena.

Anatuluka atakhala zaka zisanu ndi chimodzi ndi miyezi inayi. Pageti la ndende panali alamu, ana awo atatu, ndi mkamwini amene anakwatira mwana wawo woyamba iwo ali mkati. Ine ndinaima chakumbuyo. Pepala limene anawapatsa linkati akhululukidwa, silinkati ndi osalakwa, ndipo iwo analipinda kanayi n'kuliponya m'jumbo limodzi ndi sopo. Anakumbatira akazi awo, ananyamula mdzukulu amene anali asanamuonepo. Atandiona anagwedeza mutu kamodzi. Galimoto ya mkamwini inali yaing'ono, ndiye ine ndinabwerera wapansi mpaka pasiteji.

Malo awo akale munalowa wogulitsa matayala. Maso awo sakuthanso kupirira moto wowotcherera, choncho amathandiza kugalaja ya mkamwini wawo, kutsidya kwa tauni, kumasula ndi kumanga mabawuti. Akuyesabe, ndi loya wofatsa uja, kuti khothi lidzafufute mlanduwo. Loyayo anandiuza mwaulemu kuti ulendo uno sadzandivutitsa.

Mbiri inamveka kuti wometa wina amadziwa njira ya kuwindo lija, ndipo masiku ano kumabwera amayi ndi azibambo amene abale awo ali m'ndende. Ndimawauza khomo loyenera kugogoda, tsiku loyenera kupita, ndi kuti anyamule kachakudya chifukwa benchi ndi yaitali. Makalata ndimawalembera, koma asanatuluke m'nyumba amadutsa kaye m'manja mwa mayi a ana, amene ali ndi cholembera chofiira ndi mtima wouma.

Mwezi wathawu ndinakwera minibasi popita kukanoletsa makina. Nditalowa ndinaona a Magalasi ali pampando wakumbuyo, atanyamula kabokosi ka masipanala pamiyendo. Ndinafuna kutsika, koma kondakitala anali atatseka kale chitseko. Iwo anandiona, n'kusendera kuwindo kuti ndipeze pokhala. Tinayenda masiteji khumi ndi limodzi mapewa atagundana. Pa siteji yachitatu anandiuza kuti ndaponda chingwe cha nsapato yanga. Ndinathokoza. Atafika potsikira anaimirira, kuwerama chifukwa cha denga, n'kunena kuti, "Mukapereke moni kwa alamu, mayi a ana anu. Ndinamva kuti za magetsi zija anaganiza ndi iwo."

Minibasi itanyamuka m'pamene ndinazindikira kuti siteji yanga ndinaipitirira kalekale. Ndinakatsikira kudepoti, n'kuyamba kufunsa anthu njira yobwerera.